Momwe mungatsogolere kalondolondo wa malonjezo a boma la Australia kwa Aaborijini popanda kupweteka eni nkhani

M'chaka cha 1991, komiti yaikulu yomwe boma la Australia linakhazikitsa kuti ifufuze za imfa za Aaborijini, eni nthaka oyambirira a dzikolo, m'zitokosi za polisi ndi m'ndende inatulutsa lipoti lake. Inali itaunika imfa 99 zomwe zinachitika pakati pa 1980 ndi 1989, ndipo inapereka mfundo 339 zoti boma lichite. Imodzi mwa mfundozo inali yakuti kuledzera pagulu kusakhalenso mlandu wotsekerapo munthu. Chigawo cha Victoria chinadzachotsa mlanduwu mu Novembala 2023, patadutsa zaka 32, ndipo chinatero mayi wina wa mtundu wa Yorta Yorta atamwalira kale mu Disembala 2017. Mayiyu anamutsitsa m'sitima, apolisi n'kukamutsekera ku Castlemaine, komwe anagwa n'kuvulala m'mutu ali m'chitokosi.

Ndayamba ndi nkhaniyi kuti muone pomwe pali vuto. Aaborijini sasowa malipoti. Afunsidwa mafunso kwa zaka zambiri, afotokoza zowawa zawo kwa alendo onyamula mapepala, ndipo zomwe ananena zinalembedwa bwino lomwe. Chomwe chimasowa ndi munthu wobwerera ku ofesi ya boma n'kukafunsa kuti: munalonjeza ichi, chili kuti? Ngati mwapatsidwa udindo wotsogolera ntchito yotere, kaya muli m'bungwe la Aaborijini, mu ofesi yolandira madandaulo kapena m'nthambi ya boma, malangizo awa ndi anu.

Choyamba: dziwani amene mukumulondola

Kalondolondo wanu akuloza boma. Zikumveka zachidziwikire, koma ntchito zambiri zimapatuka pomwepa. Zimayamba ndi funso lakuti unduna wachita chiyani, koma pakutha miyezi itatu mupeza zikufunsa kuti n'chifukwa chiyani ana a kumudzi uno sapita kusukulu. Zikafika apo ndiye kuti wofufuzidwa wasanduka mudzi, boma lakhala pambali n'kumaonerera.

Choncho sankhani lonjezo lolembedwa, lokhala ndi mwini wake ndi tsiku lake. Malo abwino oyambira ndi pangano la Closing the Gap, lofuna kuthetsa kusiyana kwa moyo pakati pa Aaborijini ndi anthu ena a m'dzikolo, lomwe linasainidwa mu Julayi 2020 pakati pa maboma onse a m'Australia ndi Coalition of Peaks, mgwirizano wa mabungwe oposa 50 oyendetsedwa ndi Aaborijini ndi anthu a kuzilumba za Torres Strait, womwe unkatsogoleredwa ndi Pat Turner. M'panganoli muli zolinga zowerengeka. Pofika 2031 chiwerengero cha akuluakulu omangidwa chitsike ndi 15 pa 100 aliwonse kapena kuposapo, cha achinyamata otsekeredwa chitsike ndi 30 pa 100, ndipo kuchuluka kopyola muyeso kwa ana ochotsedwa m'mabanja mwawo kutsike ndi 45 pa 100.

Koma kwa ine gawo lofunika kwambiri kwa wochita kalondolondo si manambalawo. Ndi zinthu zinayi zomwe maboma analonjeza kuti asintha mwa iwo eni: kumanga mfundo limodzi ndi Aaborijini, kulimbikitsa mabungwe oyendetsedwa ndi Aaborijini, kusintha kachitidwe ka maofesi a boma ndi kuchotsamo tsankho, ndiponso kugawana ziwerengero ndi madera. Izi ndiye zomwe boma silingakankhire kwa wina. Mu Febuluwale 2024 bungwe la Productivity Commission, lomwe limaunika ndondomeko za boma, linaunika panganoli ndipo linapeza kuti maboma anali asanachite zambiri mwa zomwe anasainira, ndipo anali asanamvetse kukula kwa kusintha komwe kukufunika.

Chachiwiri: mangani nkhani ya mphamvu musanalembe ndondomeko

Pano ndi pomwe muyenera kukhalitsa. Ngati mwafika kwa anthu muli ndi ndondomeko yolembalemba, mafunso okonzeka ndi tsiku lomaliza, ndiye kuti simunabwere kudzagwira nawo ntchito, mwabwera kudzafuna chidindo.

Yambani ndi kudziwa amene ali ndi mawu pa malo amenewo. Aaborijini si mtundu umodzi. Pomwe Angerezi ankafika mu 1788 kunali zilankhulo zoposa 250, ndipo lero munthu wa mtundu wa Noongar wa ku Perth sangayankhulire Ayolngu a ku Arnhem Land. Pa dera limodzi pamakhala eni nthaka, omwe makolo awo ndi a pamalopo kuyambira kalekale. Pamakhalanso mabanja omwe boma linawasamutsira pamenepo m'nthawi ya mamishoni ndi malo osungirako anthu, ndipo nawonso akhalapo mibadwo ingapo. Palinso mabungwe a zaumoyo, a zamalamulo ndi a zamalo omwe amayendetsedwa ndi komiti zosankhidwa ndi anthu a m'deralo. Mabungwewa si achilendo: la zamalamulo linayamba ku Redfern mu Sydney mu 1970, la zaumoyo n'kutsatira komweko mu 1971. Maguluwa sagwirizana nthawi zonse, ndipo si ntchito yanu kuwagwirizanitsa kapena kusankha lomwe likukumverani. Fikani kwa onse, ndipo nenani poyera amene mwakumana nawo.

Mukatero, khazikitsani komiti yotsogolera momwe Aaborijini ndi ochuluka ndipo wapampando ndi mmodzi wa iwo. Kenako lembani pangano. Musadalire ubale wabwino wokha, chifukwa inu mawa mukhoza kusamutsidwa ndipo wobwera pambuyo panu adzangotsata zomwe zili papepala. M'panganomo muoneke kuti ndani amasankha mafunso, ndani angaimitse ntchito ikayamba kupweteka anthu, ndani mwini wa zomwe anthu anena, ndani amavomereza lipoti lisanatuluke, ndipo chimachitika n'chiyani komiti ndi boma zikasemphana. Mawu akuti komitiyo ndi yopereka uphungu chabe muwakane. Uphungu munthu amaumva n'kuusiya.

Palinso nkhani ya ndalama, yomwe anthu amachita nayo manyazi koma ndiyo imapha ntchito zambiri. Kawirikawiri amene akulipira kalondolondo ndi boma lomwelo lomwe mukulilondola, ndipo mabungwe a Aaborijini omwe akukupatsani umboni amadalira thandizo la unduna womwewo. Mlembi wa bungwe akakuuzani kuti unduna unawanyalanyaza, akuika pachiswe malipiro a antchito ake. Choncho limbikirani kuti m'pangano la ndalama mulembedwe zoti wolipira alibe mphamvu yosintha kapena kubisa zomwe mwapeza, komanso kuti palibe bungwe lomwe lidzalandidwe thandizo chifukwa cha umboni. Pangano la 2020 likukupatsani poimira, chifukwa maboma anavomereza kuti pofika 2023 aliyense akhale ndi njira yoima payokha yolondolera kusintha kwa maofesi ake. Ku New South Wales, kuyambira 2014 ofesi yolandira madandaulo ili ndi wachiwiri kwa mkulu woona mapulogalamu a Aaborijini, ndipo mphamvu zake zinalembedwa m'lamulo. Ofesi yotere, yomwe ingaitanitse mapepala a boma mwalamulo, ndi bwenzi lofunika kulipeza msanga.

Chachitatu: dziyang'aneni nokha

Ganizo la kugwira ntchito mosapsinja chikhalidwe cha anthu linachokera ku New Zealand, kwa namwino wa Chimaori Irihapeti Ramsden, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mfundo yake ndi yakuti si wogwira ntchito amene amaweruza kuti wachita bwino. Woweruza ndi amene wathandizidwayo. Ku Australia bungwe loona za madokotala ndi anamwino linatengera zomwezi, kuti Aaborijini eni ake, mabanja awo ndi madera awo ndiwo amanena ngati akumva kuti ndi otetezeka.

Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti maphunziro a tsiku limodzi okhudza miyambo sakukwanira. Chofunika ndi kudziwa mphamvu yomwe mwanyamula: galimoto ya boma, chiphaso cha pachifuwa, Chingerezi cha kuyunivesite, cholembera. Kwa gogo amene m'bale wake anatengedwa ndi galimoto ya boma ali mwana, monga anachitira ana ambiri mpaka m'zaka za m'ma 1970, zinthu zimenezi si zazing'ono. Ndipo ndinene kwa anzanga ochokera ku Africa omwe akugwira ntchito m'maofesi a ku Australia: khungu lakuda ndi mbiri yathu ya utsamunda zikhoza kukutsegulirani macheza, koma sizikupangani kukhala mwini nkhani. Pa nthaka imeneyo nafenso ndife alendo, ndipo tikabwera ndi chiphaso cha boma ndife boma.

Ikani njira yoti anthu anene mukalakwitsa, kudzera kwa munthu wina osati kwa inu mwini, ndipo komiti izimva madandaulowo.

Chachinayi: werengani musanafunse

Musanapite kumudzi uliwonse, sonkhanitsani zonse zomwe anthu ananena kale pa nkhaniyo. Pa nkhani ya ana, pali lipoti la Bringing Them Home la 1997, lonena za ana omwe boma linawachotsa m'mabanja mwawo, lomwe lili ndi mfundo 54, komanso malipoti a Family Matters omwe bungwe la Aaborijini loona za ana la SNAICC limatulutsa chaka ndi chaka. Pa nkhani ya ndende pali la 1991 lija ndi zigamulo za ofufuza za imfa. Ku Victoria kuli umboni wochuluka womwe komiti ya Yoorrook, yofufuza choonadi pa nkhanza zomwe Aaborijini anachitiridwa, inasonkhanitsa kuyambira 2021. Lembani mfundo iliyonse yakale, ofesi yomwe inayenera kuichita, ndi zomwe ofesiyo ikunena kuti inachita. Funsani boma poyamba, pogwiritsa ntchito malipoti a pachaka, a owerengera chuma cha boma, ndi lamulo lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma. Mukatero simukapita kwa anthu kukawauza kuti abwerezenso kulira kwawo. Mukapita ndi funso lopepukirapo: boma likuti linachita izi, kodi inu mwaziona?

Chachisanu: lowani m'dera mwaulemu

Madera ambiri a ku Northern Territory ndi nthaka ya Aaborijini motsatira lamulo la 1976, ndipo mlendo amafunika chilolezo cholembedwa kuchokera ku makhonsolo a zamalo monga Northern Land Council kapena Central Land Council. Kumpoto, dzinja la kuyambira Novembala mpaka Epulo limadula misewu yambiri. Konzani ulendo ndi bajeti mukudziwa zimenezi.

Maliro, omwe kumeneko amawatcha Sorry Business, amaimitsa zonse, ndipo nthawi zina kwa milungu. Ife sitifunika kuuzidwa kuti pamudzi pakagwa zovuta sipachitika msonkhano. Vuto limakhala kwa abwana a ku likulu omwe agula kale matikiti a ndege. Auzeni pachiyambi penipeni kuti masiku adzasintha, ndipo ikani m'bajeti ndalama ya ulendo wobwerera. M'madera ambiri dzina la womwalira silitchulidwa kwa nthawi, ndipo chithunzi kapena mawu ake ojambulidwa saonetsedwa popanda chilolezo cha banja. Funsani banja momwe likufunira kuti m'bale wawo atchulidwe, ndipo tsatirani zimenezo ngakhale m'mapepala a mu ofesi.

Akuluakulu ambiri amatchedwa Aunty kapena Uncle, koma dikirani muuzidwe kapena funsani musanayambe kuwatchula choncho. Alipireni pa nthawi yawo ndi nzeru zawo monga mungalipirire katswiri wina aliyense, ndipo alipireni msanga. Kumene anthu amayankhula Chikriol, Chiwarlpiri, Chiarrernte, Chipitjantjatjara kapena zilankhulo za Ayolngu, lembani womasulira wophunzitsidwa. Musagwiritse mwana wa pakhomopo.

Chachisanu ndi chimodzi: mverani m'njira yawo

Aaborijini ali ndi kachezedwe komwe amakatcha yarning. Anthu amakhala mozungulira, amayamba ndi kudziwana kuti ndinu a kuti ndipo abale anu ndani, kenako nkhani imayenda yokha mpaka ifike pomwe ikupita. Ndiye njira yabwino kuposa pepala la mafunso, koma iyenera kutsogoleredwa ndi munthu wa m'deralo kapena amene anthuwo amukhulupirira, pa malo omwe iwo asankha. Chipinda cha kupolisi kapena cha ofesi yoona za ana si malo oyenera ngakhale chitakhala chaulere.

Mukafunsa funso n'kukhala zii, musathamangire kudzaza. Kwa Aaborijini ambiri kukhala chete ndi mbali ya kuyankha. Miriam-Rose Ungunmerr Baumann wa ku Daly River anaphunzitsa anthu ambiri za dadirri, kumvetsera kwakuya kodekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chenjeraninso ndi "inde". Munthu amene wazolowera kufunsidwa ndi apolisi kapena akuluakulu a boma akhoza kuvomera kuti nkhani ithe, osati chifukwa wagwirizana nazo. Choncho pewani mafunso oti inde kapena ayi. M'malo mofunsa ngati kuchipatala amawalandira bwino, apempheni akufotokozereni za ulendo wawo womaliza kuchipatalako.

Pali nkhani za amuna ndi nkhani za akazi zomwe sizikambidwa pamaso pa enawo, monga momwe za kusimba sizikambidwira pabwalo. Palinso achibale ena omwe mwambo suwalola kukhala m'chipinda chimodzi kapena kuyankhulana, makamaka mkamwini ndi apongozi ake aakazi. Gulu lanu likhale ndi amuna ndi akazi, ndipo mverani wokutsogolerani akakuuzani kuti awa tiwaona padera.

Chinthu china chomwe simuyenera kuchibisa: lamulo likhoza kukukakamizani kukanena ngati mwamva kuti mwana ali pangozi, ndipo ku Northern Territory udindowu uli pa wamkulu aliyense. Auzeni anthu zimenezi macheza asanayambe, m'chilankhulo chomwe akumva. Kulonjeza chinsinsi chomwe simungachisunge, kwa mabanja omwe amaopa kulandidwa ana, ndi kusakhulupirika komwe sikudzaiwalika. Auzeninso kuti ali ndi ufulu wosiya pakati kapena kubweza mawu awo pambuyo pake. Ndipo poti nkhani zina zimadzutsa zilonda, pakhale mlangizi wochokera kubungwe la zaumoyo la m'deralo, ndiponso apatseni nambala ya foni ya uphungu ya 13YARN, komwe amayankha ndi Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait usana ndi usiku.

Chachisanu ndi chiwiri: ziwerengero zikhale m'manja mwa eni ake

Kwa nthawi yaitali ziwerengero zokhudza Aaborijini zakhala zikuwerenga zolephera zokhazokha, ndipo zimasungidwa kumene iwo sangazifikire. Gulu la Maiam nayri Wingara linaika mfundo mu 2018 zakuti Aaborijini ali ndi ufulu wolamulira momwe ziwerengero zawo zimasonkhanitsidwira, kusungidwira ndi kugwiritsidwira ntchito. Malamulo a kafukufuku a 2020 a bungwe la AIATSIS, lofufuza ndi kusunga mbiri ndi chikhalidwe cha Aaborijini, nawonso amaika utsogoleri wa eni ake patsogolo. Atsatireni.

Tauni ya Bourke, kumadzulo kwa New South Wales, ikuonetsa phindu lake. Kuyambira 2013 anthu a kumeneko anayambitsa ntchito ya Maranguka, motsogozedwa ndi khonsolo ya mitundu ya m'deralo. Anaitanitsa ziwerengero kuchokera kupolisi, kusukulu, kuchipatala ndi kumakhoti, n'kukhala pansi kuziwerenga okha. Anaona, mwa zina, kuti anthu ambiri ankalowa m'milandu chifukwa choyendetsa galimoto opanda laisensi ndi chifukwa chophwanya malamulo a belo, ndipo anayambitsa pulogalamu yothandiza anthu kupeza malaisensi. Kuunika komwe kampani ya KPMG inachita mu 2018 kunapeza kuti nkhanza za m'banja zolembedwa ndi apolisi zinatsika ndi 23 pa 100 m'chaka chimodzi. Ziwerengerozo boma linali nazo kale. Chinasintha n'chakuti anaziwerenga ndi anthu odziwa mabanja ndi misewu ya m'tauniyo.

Samalani ndi midzi ing'onoing'ono. Mukalemba kuti "mayi wa ana asanu wogwira ntchito pasitolo", pamudzi wa anthu 300 mwamutchula dzina.

Chachisanu ndi chitatu: bwezani lipoti kwa eni ake lisanapite kwa nduna

Mu Juni 2007 kunatuluka lipoti la Little Children are Sacred, lomwe analemba Pat Anderson ndi Rex Wild, lonena za nkhanza kwa ana ku Northern Territory. Anthu anawakhulupirira n'kuwauza zinthu zovuta kunena. Lipotilo linali ndi mfundo 97, ndipo yoyamba inatsindika kuti boma likambirane moona mtima ndi Aaborijini pokonza chochita. Pasanathe mlungu, boma la nduna yaikulu John Howard linalengeza zolowerera m'madera 73, linatumiza asilikali kukathandizira, linayamba kulamulira momwe anthu amagwiritsira ntchito ndalama zawo za chithandizo, ndipo linaimitsa lamulo loletsa tsankho kuti zimenezi zitheke. Mawu omwe anthu anapereka pofuna kuteteza ana awo anasanduka chifukwa chowalanda ufulu.

Simungaletse ndale, koma mungachepetse mpata. Bwererani kudera lililonse ndi zomwe mwalemba, muziwerenge pakamwa m'chilankhulo chawo, ndipo mufunse ngati mwamva bwino ndiponso ngati pali chomwe chingawabweretsere mavuto chikatuluka. Werengani chiganizo chilichonse mukudzifunsa momwe chingaonekere pa tsamba loyamba la nyuzi. Polemba, mwini chochita akhale ofesi ya boma: osati "mabanja sabwera kudzalandira thandizo" koma "ofesi imatsegula masiku awiri pa mwezi ndipo ilibe womasulira". Lembaninso zomwe zikuyenda bwino m'manja mwa anthu eni ake. Boma lipatseni mwayi wokonza zolakwika za manambala ndi masiku, osati wofewetsa zomwe mwapeza. Pa tsiku lotulutsa lipoti, oyankhula kwa atolankhani akhale a m'komiti.

Chachisanu ndi chinayi: mfundo zochepa, zolondoleka

Mfundo 12 zomwe mungazitsate zimaposa 100 zomwe zikagone pashelefu. Iliyonse itchule ofesi, udindo wa amene ayankhe, tsiku, ndalama zomwe zifunike, ndi chizindikiro chomwe munthu wa kumudzi angaone ndi maso ake. Musalole yankho lakuti "tavomera mfundoyi m'ganizo lake", chifukwa yankho lotere silimanga aliyense. Funsani kuti achita chiyani ndipo liti. Komiti ndiyo inene ngati mfundo yakwaniritsidwa, osati unduna wodzipatsa wokha malikisi. Gawo la bajeti lisungidwe kuti pakatha miyezi 6, kenako 12, kenako 24, mudzafunsenso ndi kufalitsa mayankho, kuphatikizapo maina a maofesi omwe sanayankhe.

Chakhumi: tetezani antchito anu a Chiaborijini, ndipo konzekerani kutula udindo

Mnzanu wa Chiaborijini m'gulu lanu amasenza katundu yemwe inu simumuona. Mu ofesi amamufunsa chilichonse chokhudza mtundu wake, kumudzi amamufunsa chifukwa chomwe akugwirira ntchito ndi boma, ndipo umboni womwe akulemba ukhoza kukhala wa azakhali ake. Inu ntchito ikatha mudzapita, iye adzakumana ndi anthu omwewo kumaliro ndi kumpira. Musamusiye yekha m'gulu, muikeni pa udindo wokhala ndi mphamvu ndi malipiro oyenera, mupatseni tchuthi cha maliro ndi miyambo popanda kumufunsa mafunso ambiri, ndipo mupezereni mkulu wa Chiaborijini wa kunja kwa ofesi woti azikambirana naye.

Kuyambira mwezi woyamba, gwirizanani ndi komiti kuti ndi bungwe liti la m'deralo lomwe lidzasunge zojambulidwa, zolembedwa ndi ndandanda ya malonjezo ntchito ikadzatha, ndipo phunzitsani anthu awiri kapena atatu a bungwelo kalembedwe ka kalata yoitanitsa zikalata za boma ndi kawerengedwe ka bajeti ya unduna. Tsiku lotula zinthuzi lilembedwe m'pangano lija la pachiyambi, pamodzi ndi ndalama zoti bungwelo lipitirizire kufunsa.